Katemera kwa odwala impso: n'chifukwa chiyani amabayidwa mobwerezabwereza?



Titamaliza msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa teremu yathayi, bambo ena anatikokera pambali kunja kwa holo. Achimwene awo akhala akupita kuchipatala kukasefedwa magazi pa makina kwa zaka ziwiri tsopano, chifukwa impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Atangoyamba kumene anawabaya katemera wa matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B, majakisoni anayi athunthu, ndipo khadi lake lilipo. Mwezi wathawu adokotala atawayeza magazi anawauza kuti abayidwenso. Kubanja kunabuka mkangano. Ena ankati katemera woyamba uja anali wabodza kapena wotha mphamvu. Ena ankati achipatala akungoyeserera mankhwala pa munthu wodwala kale. Mayi awo, omwe ndi okalamba, anati mwana wawo wabayidwa mokwanira, asamusautsenso. Bambowo anatifunsa kuti: "A Mwalimu, ngati katemera amagwiradi ntchito, nanga abwereza chifukwa chiyani?"

Tinawalonjeza kuti tiwayankha tikafufuza bwino. Tinakhala pansi ndi mphunzitsi wathu wa Biology, tinawerenga malangizo amene madokotala a impso amatsatira, ndipo taona kuti yankho lake liyenera kufika kwa tonse. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, omwe kawirikawiri ndiwo amawononga impso, ali m'mabanja athu ambiri. Mwachidule yankho ndi ili: katemera woyamba uja analibe vuto. Munthu amene impso zake zafooka, thupi lake limapanga chitetezo chochepa akabayidwa, ndipo chochepacho chimatha msanga. Kuyeza magazi chaka ndi chaka n'kubayanso pakafunika ndi njira imene madokotala anaipeza atataya odwala ndi anzawo a ntchito.

Zimene zimachitika m'thupi tikabayidwa

Katemera amaonetsa thupi mdani nkhondo isanayambe. Titenge wa hepatitis B. Muli puloteni imodzi yokha ya pachikopa cha kachilombo koyambitsa matendawa. Kuyambira m'chaka cha 1986 puloteni imeneyi imapangidwa mu labotale pogwiritsa ntchito yisiti wa mtundu womwewo wofufumitsira buledi. Mulibe kachilombo kamoyo, choncho munthu sangadwale hepatitis B chifukwa cha jakisoniyo.

Mankhwala akalowa m'mnofu wa paphewa, maselo ena achitetezo amatola puloteniyo n'kupita nayo ku tinthu tonga nyemba ta m'khwapa, tija timatupa munthu akakhala ndi chilonda padzanja n'kumati watuluka mwanabele. Kumeneko puloteniyo imaonetsedwa kwa maselo otchedwa T, ndipo maselo a T amalamula maselo otchedwa B kuti achulukane n'kuyamba kupanga ma antibody. Awa ndi mapuloteni oyenda m'magazi amene amakakamira pa kachilombo kamene anapangidwira, n'kukalepheretsa kulowa m'maselo a chiwindi.

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, tayerekezani kuti mukujambula kuchuluka kwa ma antibody pa girafu. Mzere wake umakwera mofulumira kwa masabata angapo pambuyo pa jakisoni womaliza, umafika pachimake, kenako umayamba kutsika. Kutsikaku kumachitika mwa munthu aliyense. Ma antibody ochuluka m'magazi ndi a mtundu wa IgG, ndipo theka la amene alipo lero amakhala atatha pakapita masiku pafupifupi 21, choncho thupi liyenera kumapangabe ena. Maselo ambiri opanga ma antibody amafa pakatha masabata ochepa. Owerengeka okha ndi amene amakakhazikika m'mafuta a m'mafupa n'kupitiriza ntchito kwa zaka zambiri. Kupatula amenewa, thupi limasunganso maselo okumbukira, a B ndi a T, omwe amangokhala phee mpaka tsiku limene kachilombo kenikeni kalowa. Pamenepo amadzuka n'kupanga ma antibody ochuluka m'masiku owerengeka.

Choncho chitetezo chili pawiri: ma antibody amene ali m'magazi lero, ndi maselo okumbukira amene angapange ena mawa.

Zoti mphamvu ya katemera imatsika ndi nthawi si zachilendo kwa ife. Amene anapitako ku Hajj akudziwa kuti boma la Saudi Arabia limafuna chiphaso cha katemera wa matenda oumitsa khosi, wobayidwa masiku osachepera 10 munthu asanafike, ndipo chiphasocho chimatha ntchito pakapita zaka 3 kapena 5 malinga ndi mtundu wa katemerayo. Masiku 10 amenewo ndi opereka mpata kuti mzere uja ukwere. Zaka 3 kapena 5 ndi pamene umakhala utatsika moti sungadaliridwenso.

Katemera wa hepatitis B amakhalitsa kuposa pamenepo mwa munthu wathanzi. Ku Alaska, m'dziko la America, madokotala anabaya anthu m'chaka cha 1981 n'kumawatsatira kwa zaka 30. Pamapeto pake, pafupifupi theka la omwe anayezedwa ma antibody awo anali atatsika pansi pa mlingo woteteza. Koma atawabaya jakisoni mmodzi wowonjezera, ambiri anapanganso ma antibody mofulumira, kusonyeza kuti maselo okumbukira aja analipobe. N'chifukwa chake munthu wathanzi amene anamaliza majakisoni ake sauzidwa kuti abwerenso.

Impso zikafooka

Impso iliyonse ili ndi tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Ziwirizo pamodzi zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, n'kubwezera pafupifupi onse m'thupi, kungosiya lita imodzi kapena awiri a mkodzo wonyamula zinyalala. Madokotala amayeza mphamvu yosefayi ndi nambala yotchedwa eGFR. Mwa wachinyamata wathanzi imakhala pamwamba pa 90. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi yoposa 3, ndiye kuti munthuyo ali ndi matenda a impso okhalitsa. Ikatsika pansi pa 15, impso zalephera, ndipo ambiri amafunika dayalisisi, komwe kuli kusefa magazi pa makina, kapena kuikidwa impso ya munthu wina.

Zinyalala zimene impso zalephera kutulutsa zimaunjikana m'magazi, ndipo maselo achitetezo amakhala m'magazi omwewo usana ndi usiku. Maselo aja otola puloteni ya katemera amachepa, ndipo otsalawo amaionetsa mofooka. Maselo a T atsopano, amene sanakumanepo ndi mdani aliyense ndipo ndiwo amaphunzira katemera watsopano, amachepa monga amachepera mwa nkhalamba. Ofufuza amati chitetezo cha wodwala impso chimakalamba nthawi isanakwane. Maselo a B nawonso amafa msanga. Kuwonjezera apo, wodwala impso nthawi zambiri sadya mokwanira chifukwa cha nseru ndi zakudya zimene amamuletsa, ndipo ambiri ali ndi shuga kapena ndi achikulire. Chilichonse mwa izi chimafooketsa mmene thupi limayankhira katemera.

Makina amathandiza, koma safika pa impso. Wodwala amene amasefedwa katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse, amalandira maola 12, pamene impso zathanzi zimagwira maola onse 168 a sabata. Palinso zinyalala zina zokakamira ku mapuloteni a m'magazi zimene makina sazichotsa bwino. Ndiye ngakhale munthu ayambe dayalisisi n'kumapeza bwino, chitetezo chake sichibwerera mwakale.

Zotsatira zake ndi zitatu. Choyamba, odwala ena sapanga n'komwe ma antibody okwanira ngakhale amalize majakisoni onse. Chachiwiri, omwe apanga, mzere wawo sukwera patali. Chachitatu, umatsika mofulumira, ndipo maselo okumbukira sakhala odalirika.

Tiyeni tichite masamu ongoyerekeza kuti tione kufunika kwa pachimake. Mlingo woteteza ku hepatitis B ndi 10. Tiyerekeze anthu awiri amene ma antibody awo amatsika ndi theka pa nthawi yofanana. Woyamba anafika pa 1,000. Akutsika motere: 500, 250, 125, 62, 31, 15, kenako 7. Watsika ka 7 asanagwere pansi pa 10. Wachiwiri anangofika pa 40. Akutsika motere: 20, 10, kenako 5. Katatu kokha wagwera kale. Ngakhale liwiro lotsikira likhale lofanana, amene anayambira m'munsi amafika pansi msanga. Wodwala impso amayambira m'munsi, liwiro lake lotsikira n'kukhalanso lalikulu.

Munthu wathanzi akagwera pansi pa 10, maselo okumbukira amamuimira. Kwa odwala a pa dayalisisi madokotala anaona zosiyana: panapezeka ena amene poyamba anayankha bwino katemera, koma ma antibody awo atatsika pansi pa 10 anatenga kachilomboka n'kudwala. Kwa iwo, nambala ya m'magazi ya lero ndi imene imawerengedwa.

Phunziro la hepatitis B m'zipinda za dayalisisi

Mwina mungafunse kuti matenda a chiwindi akukhudzana bwanji ndi impso. Kachilombo ka hepatitis B kamafala kudzera m'magazi, ndipo kamatha kukhala kamoyo kwa masiku osachepera 7 pa tebulo, pa makina kapena pa magolovesi, m'kadontho kosaoneka ndi maso. M'chipinda cha dayalisisi magazi a anthu angapo amatuluka m'matupi awo n'kudutsa m'mapaipi, mabedi ali moyandikana, sabata ndi sabata.

Kusefa magazi kwa nthawi yaitali kunayamba mu 1960 mumzinda wa Seattle ku America. Zaka 10 zisanathe, miliri ya hepatitis B inabuka m'zipinda za dayalisisi zingapo ku Britain. Ku Edinburgh, m'zaka za 1969 ndi 1970, kunamwalira odwala komanso ogwira ntchito m'chipatala. Mu 1972 komiti yotsogozedwa ndi Lord Rosenheim inatulutsa lipoti lolangiza kuti magazi a odwala ndi a ogwira ntchito aziyezedwa pafupipafupi, kuti amene ali ndi kachilomboka azisefedwa paokha, ndiponso kuti ukhondo ukhwimitsidwe. Katemera woyamba analoledwa ku America mu 1981, ndipo odwala a pa dayalisisi anali m'gulu la oyamba kulangizidwa kuti abayidwe.

Munthu wamkulu wathanzi akatenga hepatitis B, nthawi zambiri thupi lake limagonjetsa kachilomboka lokha; osapitirira 5 pa 100 alionse ndi amene amakhala nako moyo wonse. Wodwala wa pa dayalisisi kawirikawiri amalephera kukachotsa. Amakhala nako, chiwindi n'kumawonongeka pang'onopang'ono mpaka kuuma kapena kuchita khansa, ndipo amayenera kusefedwa pa makina akeake m'chipinda chapadera. Kuno kwathu makina amenewa amapezeka m'zipatala zowerengeka, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo odikira ndi ambiri. Kupatula makina chifukwa cha wodwala mmodzi si nkhani yapafupi.

Ndiye madokotala anasintha kabayidwe. Munthu wamkulu wathanzi amalandira katemera wa Engerix-B wa 20 mcg katatu: tsiku loyamba, pakatha mwezi umodzi, ndi pakatha miyezi 6. Mwa achinyamata ndi akulu osafika zaka 40, oposa 90 pa 100 alionse amapanga chitetezo chokwanira. Wodwala wa pa dayalisisi amalandira mlingo wowirikiza, 40 mcg, ndipo amabayidwa kanayi: tsiku loyamba, pakatha mwezi umodzi, miyezi 2, ndi miyezi 6. Kale akamabayidwa katatu kokha, oyankha bwino ankakhala pakati pa 50 ndi 70 pa 100 alionse. Majakisoni anayi a mlingo wowirikiza amakweza chiwerengerochi, komabe sichifika pa cha anthu athanzi.

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri chibayidwire jakisoni womaliza, wodwala amayezedwa magazi. Pa pepala la zotsatira pamalembedwa anti-HBs, ndipo nambala yofunika ndi 10 mIU/mL kapena kuposa. Ikapanda kufika pa 10, majakisoni onse amayambidwanso kamodzi n'kuyezanso. Ikafika, wodwalayo amayezedwa kamodzi chaka chilichonse, ndipo chaka chimene yagwera pansi pa 10 amabayidwa jakisoni mmodzi wowonjezera. Alipo ena amene sayankha ngakhale abwereze majakisoni onse. Amenewo amayezedwa pafupipafupi ngati atenga kachilomboka, kuti akatenga zidziwike msanga. Pofuna kuthandiza anthu otere, asayansi anapanga akatemera okhala ndi mankhwala ogwedeza chitetezo mwamphamvu. Mmodzi mwa iwo, Fendrix, analoledwa ku Ulaya mu 2005 makamaka kaamba ka odwala impso.

Apa pali nkhani yokhudza mabanja athu. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2002, mkati mwa jakisoni woteteza matenda asanu wobayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Ophunzira athu onse anabadwa chaka chimenecho chitadutsa, choncho amene anamaliza sikelo anamulandira. Makolo ambiri ndi agogo sanamulandirepo. Koma matenda a impso amagwira kwambiri akuluakulu omwewo. Kafukufuku waonetsa kuti thupi limayankha bwino katemerayu impso zisanafike polephereratu. N'chifukwa chake bungwe la KDIGO, lomwe limalemba malangizo a matenda a impso pa dziko lonse, limati munthu amene eGFR yake yatsika pansi pa 30 ndipo matenda akupitirira abayidwe nthawi yomweyo, asadikire kuyamba makina. Mmera mpoyamba.

Zimene COVID-19 inationetsa

Katemera wa COVID-19 anafika kuno ku Malawi mu March 2021. Chaka chimenecho, kwa nthawi yoyamba, madokotala a m'mayiko ambiri anali ndi mwayi woona odwala impso zikwizikwi akulandira katemera watsopano pa nthawi imodzi, n'kumawayeza mwezi ndi mwezi.

Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anatsatira odwala a pa dayalisisi oposa 2,500 amene anamaliza katemera. M'mwezi woyamba, pafupifupi 7 pa 100 alionse ndi amene analibe ma antibody ooneka m'magazi. Pofika mwezi wa 5 ndi wa 6 anali atakwana 20 pa 100 alionse. Anapezanso kuti amene ma antibody awo anali otsika ndiwo ankagwidwa kwambiri ndi matendawa ngakhale anali atabayidwa. Ndiye kuti ambiri anayankha katemera poyamba, koma chitetezocho sichinachedwe kutsika, chimodzimodzi ndi zimene zinkadziwika kale pa hepatitis B.

Kwa anthu oikidwa chiwalo cha munthu wina zinthu zinali zovuta kuposa apa. Ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins anapeza kuti pambuyo pa jakisoni woyamba, 17 okha pa 100 alionse ndi amene anali ndi ma antibody, ndipo pambuyo pa wachiwiri anali 54. Ku Toulouse, m'dziko la France, madokotala anabaya anthu otere 101 jakisoni wachitatu, ambiri mwa iwo oikidwa impso. Asanabayidwe, okhala ndi ma antibody anali 40 pa 100 alionse. Patatha masabata 4 anali 68. Dziko la France linayamba kupereka jakisoni wachitatu kwa anthu ofooka chitetezo mu April 2021, ndipo America inatsatira mu August chaka chomwecho. Taonani kuti jakisoni aliyense wowonjezera ankakokera anthu ena m'gulu la otetezedwa. Kubwereza kunali kumaliza ntchito imene thupi lofooka silinathe kuimaliza ulendo woyamba.

Oikidwa impso ndi ana otupa thupi

N'chifukwa chiyani oikidwa impso amayankha mofooka kuposa a pa makina, chikhalirecho impso yatsopanoyo ikusefa bwino? Chifukwa chake ndi mankhwala. Thupi limaona impso ya munthu wina ngati mdani, ndiye wodwalayo amamwa mankhwala opondereza maselo a T ndi a B moyo wake wonse, monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone. Maselo amene aponderezedwa kuti asaukire impso ndi omwewonso amafunika pophunzira katemera. Mwa mankhwala amenewa, mycophenolate ndi amene waoneka kuti amachepetsa kwambiri ma antibody. Tichenjeze pano: wodwala asadzasiye kapena kuchepetsa mankhwala amenewa payekha pofuna kuti katemera agwire bwino. Akatero akhoza kutaya impso imene m'bale wake anamupatsa.

Njira yabwino ndi kubayiratu akatemera onse opaleshoni isanachitike. Ikachitika, madokotala amadikira miyezi 3 mpaka 6, pamene mankhwala aja achepetsedwako, asanayambenso kubaya. Palinso akatemera ena okhala ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku, wa katsabola, wa yellow fever, wa BCG ndi wa poliyo wodontheza m'kamwa. Kwa munthu wathanzi ndi abwino, koma kwa woikidwa impso tizilombo tofookato tikhoza kuchulukana n'kumudwalitsa. Amenewa amaperekedwa masabata osachepera 4 opaleshoni isanachitike, ndipo ikachitika saperekedwanso. Woikidwa impso amene akufuna kupita kudziko lofuna chiphaso cha yellow fever akambirane kaye ndi dokotala wake.

Ana nawonso zimawakhudza. Pali matenda otchedwa nephrotic syndrome, amene mwana amadzuka atatupa nkhope, miyendo n'kumatupanso, mkodzo ukuchita thovu. Tisefa ta impso timakhala tikudontha, ndipo mapuloteni a m'magazi amatayikira mumkodzo. Ma antibody, pokhala mapuloteni, amatayika nawo limodzi. Mwana wotere amagwidwa mosavuta ndi tizilombo ta pneumococcus toyambitsa chibayo ndi matenda a m'mimba oopsa. Katemera wa tizilomboti anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno mu 2011, koma mwana wodwala matendawa angafunike wowonjezera. Mwana amene wamwa prednisolone wa mlingo waukulu kwa masabata 2 kapena kuposa amadikira mwezi wathunthu chisiyire mankhwalawo asanalandire katemera wa tizilombo tamoyo. Makolo, pa nthawi ya kampeni ya katemera pasukulu kapena m'mudzi, uzani azaumoyo za mankhwala amene mwana akumwa kuti iwo aone choyenera.

Zimene banja lingachite

Choyamba ndi kudziwa msanga. Matenda a impso amayenda mwakachetechete kwa zaka, munthu osamva kupweteka kulikonse. Amene ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena HIV apemphe kuti aziyezedwa impso, magazi ndi mkodzo womwe, kamodzi pa chaka. Akauzidwa kuti impso zayamba kufooka, afunse tsiku lomwelo za katemera wa hepatitis B, ndipo ayezedwe kaye ngati alibe kale kachilomboka.

Chachiwiri ndi kumaliza majakisoni. Ambiri amalandira atatu oyandikana aja n'kuiwala wa mwezi wa 6, chonsecho womalizayo ndi amene amakweza mzere patali n'kuukhalitsa. Ophunzira, iyi ndi ntchito yanu: lembani masiku pa kalendala ya kunyumba kapena mufoni, muziwakumbutsa makolo ndi agogo. Tsiku likadutsa, sipafunika kuyambiranso. Amangopitiriza pamene analekezera.

Chachitatu ndi malo obaya. Katemera wa hepatitis B amabayidwa paphewa. Wobayidwa pathako sagwira bwino chifukwa mankhwala amathera m'mafuta. Wodwala amene madokotala anamulumikiza mitsempha ya pamkono kuti muzilowera singano za makina anene zimenezi, kuti abayidwe mkono winawo.

Chachinayi ndi kusunga mapepala. Khadi la katemera ndi zotsatira za anti-HBs zikhale pamodzi m'buku la kuchipatala. Funsani nambala yeniyeniyo ndi tsiku lodzayezanso. Funsaninso za katemera wa chimfine cha influenza, amene amabayidwa chaka ndi chaka, wa chibayo, wa COVID-19 ndi wa kafumbata, chifukwa onsewa mphamvu yawo imatsika msanga mwa wodwala impso.

Chachisanu ndi ife omuzungulira. Popeza katemera wake sangamuteteze mokwanira, chitetezo china chimachokera kwa a m'nyumba mwake. Ana amalize sikelo, akulu alandire akatemera awo. Lumo, malezala, zowengera zikhadabo ndi miswachi asabwerekane. Ndife anthu okonda kuzonda odwala, ndipo tisasiye, koma amene akutsokomola kapena akumva kutentha thupi aimbe foni, adzapite akachira. A komiti ya mzikiti, pamene mukusonkha thandizo la odwala kumbukirani kuti jakisoni wambiri amaphonyedwa chifukwa chosowa ndalama ya minibasi.

Funso lina limabwera chaka chilichonse: tsiku la jakisoni likagwera m'mwezi wa Ramadhan, tidikire? Bungwe la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1997, linagamula kuti jakisoni wa mankhwala wobayidwa pakhungu, m'mnofu kapena m'mtsempha samasula kusala, kupatula wopatsa thupi chakudya. Katemera sapatsa thupi chakudya, choncho palibe chifukwa chosunthira tsiku. Za ngati wodwala impso asale kapena ayi ndi nkhani ina, yofunika dokotala wake ndi shehe wake, Ramadhan isanafike.

Bambo aja tinakumana nawo pambuyo pa swala ya Ijumaa. Tinawapempha kuti abweretse buku la kuchipatala la achimwene awo, ndipo tinaliwerenga limodzi pakhonde la mzikiti. Miyezi iwiri chimalizire majakisoni anayi aja, nambala ya anti-HBs inali pamwamba pa 10 bwinobwino. Pa pepala la mwezi wathawu panalembedwa 6. Katemera woyamba anagwira ntchito yake, kenako mzere unatsika monga umatsikira mwa odwala impso ambiri, ndipo achipatala anauona usanawabweretsere tsoka. Bambowo anapita kukafotokozera mayi awo ndi mapepala awiriwo m'manja. Achimwene awo anabayidwa Lachiwiri lotsatira, tsiku lawo la makina, ndipo mwana wawo wa Fomu 2 walemba kale pa kalendala mwezi wodzayezanso chaka chamawa, Insha Allah.